Funsani Alangizi: Kafukufuku wa Pakoleji ndi Tsiku Loimirira Pamaso pa Kalasi

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera kwa aphunzitsi ndi ophunzira a m'makoleji, ndipo onse akukhudza kosi imene imatha ndi lipoti la kafukufuku komanso kufotokoza zimene wapeza pamaso pa anzako. Ena mwa makalatawa tawafupikitsa, ndipo monga mwa nthawi zonse mayina a owalemba sitinawatchule.

FUNSO: Alangizi, ndimaphunzitsa kosi ya masabata 14 imene pamapeto pake wophunzira aliyense amapereka lipoti la kafukufuku n'kulifotokoza kwa mphindi khumi. Sabata yoyamba ndimapita nawo ku laibulale kuti akaphunzire kufufuza mabuku, kenako ndimawapatsa ufulu wosankha mitu. Komabe chaka ndi chaka malipoti amabwera ali mulu wa ndime zotoledwa apa ndi apo, zosagwirizana n'komwe. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndine mphunzitsi wa pakoleji.

YANKHO: Aphunzitsi, zimene mumaphunzitsa zilibe vuto, chimene chikukupwetekani ndi nthawi imene mumaziphunzitsira. Wophunzira amene walowa m'laibulale sabata yoyamba amakhala asanadziwe chimene akufunafuna, motero zonse zimene woyang'anira laibulale akumuonetsa pa kompyuta zimangomudutsa. Akadzazifuna m'sabata ya 11, nthawi itamuthera, amakhala ataziiwala, ndipo amachita chimene aliyense wopanikizika angachite: amalemba mutu wake mu Google n'kutola zimene zabwera pamwamba.

Gwero la vutoli ndi mawu akuti "mutu". Mutu ulibe malire, ndipo munthu sangadziwe kuti waumaliza liti, pamene funso limauza mwini wake zimene ayenera kuwerenga ndi zimene ayenera kuzisiya. Chaka china mtsikana wina anandibweretsera kapepala kolembedwa kuti "Mafoni a m'manja ndi maphunziro", ali wokondwa kuti zolembedwa pa nkhaniyi n'zambirimbiri. Ndinamufunsa kuti, "Kodi pamenepa mukufuna kudziwa chiyani chimene lero simukuchidziwa?" Anakhala chete kwa kanthawi, akutembenuzatembenuza cholembera m'manja, kenako anati amadabwa kuti anzake amene amachezera pa foni ndi omwewo amene mipando yawo imakhala yopanda anthu pa kalasi ya 8 koloko m'mawa. Tinalemba ndi kufufuta kanayi, mpaka patatsala funso ili: kodi ophunzira a chaka choyamba amene amagwiritsa ntchito foni kupitirira 11 koloko usiku amajomba makalasi a m'mawa kuposa anzawo amene amaisiya msanga? Funso lotere limatchula anthu ake, limatchula chimene chidzawerengedwe, lingathe kuyankhidwa m'masabata amene atsala, ndipo chofunika koposa n'chakuti yankho lake likhoza kukhala inde kapena ayi. Wophunzira amene akudziwa kale yankho asanayambe sakufufuza, koma akungosonkhanitsa mboni zoti zimuvomereze.

Musadabwe ngati pakati pa ntchitoyi ophunzira ayamba kudandaula kuti mitu yawazungulira. Carol Kuhlthau, katswiri wa zamalaibulale wa ku yunivesite ya Rutgers ku America, anatsatira ophunzira amene ankachita kafukufuku, ndipo mu 1991 anafalitsa ndondomeko ya masitepe asanu ndi limodzi amene munthu amadutsamo. Anapeza kuti kukayikira sikuchepa munthu akayamba kuwerenga, koma kumawonjezeka, chifukwa olemba amatsutsana ndipo ena sagwirizana ndi zimene iye ankaganiza. Mtima umakhala pansi pokhapokha akapeza mbali imodzi yoti aikepo maganizo ake. Ophunzira ambiri akafika pa chisokonezo chimenechi amayesa kuti asankha mutu woipa, ndiye amausintha kawiri kapena katatu, ichi chakoma ichi chakoma, mpaka semesita yatha. Auzeni pasadakhale kuti nyengo imeneyi idzafika, ndipo muike tsiku limene kusintha funso kumatsekedwa.

Ndikanakhala ine, ntchitoyi ndikanaidula m'zidutswa, chilichonse ndi tsiku lake ndi malikisi ake. M'sabata yachitatu abweretse funso ndi ndime imodzi yonena chifukwa chake lili lofunika. M'sabata yachinayi ndiye apite ku laibulale, aliyense funso lake lili m'manja, kuti akamaphunzitsidwa kuika mawu m'mitengero kapena kuwalumikiza ndi AND ndi OR, ayesere pa nkhani yakeyake. Pomwepo aphunzirenso kuyenda mbali ziwiri kuchokera pa nkhani imodzi yabwino: chambuyo, potsata mndandanda wa mabuku umene uli kumapeto kwake, ndi chamtsogolo, podina pamene palembedwa kuti Cited by mu Google Scholar kuti aone amene anaigwiritsa ntchito pambuyo pake. Zolembedwa zambiri za akatswiri zimapezeka mwaulere kudzera mu DOAJ, mndandanda wa pa intaneti wa magazini a akatswiri owerengedwa mwaulere, umene unayambira ku yunivesite ya Lund ku Sweden mu 2003, ndi mu African Journals Online, ndipo makoleji a m'mayiko osauka angathe kulembetsa ku Research4Life, ndondomeko yowathandiza kupeza zolembedwa zotere. M'sabata ya 6 apereke zolembedwa zisanu ndi zitatu zimene wawerenga, chilichonse ndi ziganizo zitatu: wolemba akunena chiyani, umboni wake ndi wotani, ndipo zikukhudza bwanji funso langa. Njira yofufuzira ibwere m'sabata ya 8, lipoti loyesera m'sabata ya 10. Amene akufuna kufunsa anthu mafunso ayambe msanga kupempha chilolezo ku komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, chifukwa komitiyo siyendera kalendala ya kosi yanu.

Mudzati kuchonga kuchuluka, ndipo n'zoona. Koma ndime imodzi imachongeka m'mphindi ziwiri, ndipo funso lopotoka limene mwaliwongola m'sabata yachitatu silidzakuvutitsani m'masamba 20 pamapeto.

FUNSO: Aphunzitsi anga akana theka la zolembedwa zimene ndinagwiritsa ntchito, ati n'zosadalirika, chonsecho zina ndinazitenga pa mawebusaiti ooneka bwino, okhala ndi mayina a madokotala ndi maprofesa. Andiletsanso Wikipedia. Kodi chodalirika ndichidziwa bwanji? Ndine wophunzira wa chaka chachitatu.

YANKHO: Tsamba la pa intaneti limadzifotokoza lokha, ndipo palibe limene limadzinenera zoipa. N'chifukwa chake kuliyang'anitsitsa kuchokera pamwamba mpaka pansi sikungakuuzeni ngati lili loona. Sam Wineburg ndi Sarah McGrew a ku yunivesite ya Stanford, m'kafukufuku amene anamutulutsa mu 2017, anayerekezera magulu atatu pa ntchito yoweruza mawebusaiti: akatswiri a mbiri yakale, ophunzira a payunivesiteyo, ndi anthu amene ntchito yawo ndi kutsimikizira nkhani m'nyumba zofalitsa mawu. Gulu lachitatuli ndi limene linapambana, ndiponso mofulumira, chifukwa silinkachedwa pa tsamba limene lapatsidwa. Linkatsegula masamba ena pambali n'kufufuza zimene anthu ena akunena za bungwe limene lili kuseri kwa tsambalo. Inunso chitani chimodzimodzi. Musanawerenge ndime yachiwiri, dziwani kuti mwini wake ndani, ndalama zake zimachokera kuti, ndipo ena amamuona bwanji.

Aphunzitsi anu akufuna kwenikweni nkhani za m'ma journal, magazini a akatswiri amene asanasindikize nkhani amaitumiza kaye kwa akatswiri ena a phunziro lomwelo kuti aiunike. Kuunikako kumachepetsa zolakwa, koma sikuzithetsa. Mu 1998 magazini yotchuka ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza nkhani ya Andrew Wakefield ndi anzake, yochokera pa ana 12 okha, imene inachititsa anthu kuganiza kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana. Nkhaniyo inachotsedwa mu 2010 zitadziwika kuti inali yachinyengo, koma mpaka lero ilipo pa intaneti ndipo ena amaitchulabe. Choncho yang'anani ngati pa nkhani imene mwapeza palembedwa kuti Retracted, kutanthauza kuti inachotsedwa, ndipo musamange lipoti lonse pa nkhani imodzi. Chenjeraninso ndi magazini ena amene amasindikiza chilichonse malinga wolemba walipira. Njira imodzi yowasefera ndi kuona ngati dzina la magaziniyo lili mu DOAJ kapena kufunsa woyang'anira laibulale.

Za Wikipedia, aphunzitsi anu sakulakwa kukuletsani kuitchula ngati umboni, popeza aliyense angathe kuisintha. Koma kuiwerenga si mlandu. Ikuthandizeni kudziwa mawu amene akatswiri amagwiritsa ntchito pa nkhani yanu, kenako tsikirani kumunsi kwa tsamba, tsegulani zolembedwa zimene yatchula, ndipo mutchule zimenezo mutaziwerenga nokha.

FUNSO: Chiyambireni kufala kwa ChatGPT, malipoti a ophunzira anga akubwera osalala modabwitsa, ndipo Turnitin, pulogalamu yoyeza kufanana kwa lipoti ndi zolembedwa zina, ikuonetsa manambala otsika. Kodi ndiwaletseretu, kapena ndipeze pulogalamu yogwira zolembedwa ndi makina? Ndine mayi wophunzitsa njira za kafukufuku.

YANKHO: Mayi, pulogalamu yogwira makina musaikhulupirire mpaka kugwetsera nayo wophunzira. Kampani ya OpenAI, imene inatulutsa ChatGPT mu Novembala 2022, inali ndi chida chake chozindikirira zolembedwa ndi makina, koma inachichotsa mu Julaye 2023 chifukwa chinkalakwitsa kwambiri. Nayo nambala ya Turnitin imangoonetsa kufanana kwa mawu, osati kuba. Lipoti lokhala ndi 25 peresenti likhoza kukhala loyera ngati zofananazo zili mawu ogwidwa moyenera ndi mndandanda wa mabuku, pamene la 3 peresenti likhoza kukhala maganizo a munthu wina amene angosinthidwa mawu.

Pali malo amodzi amene makinawa amagwidwa mosavuta. Popeza amalumikiza mawu motsatira zimene zimakonda kutsatana, nthawi zina amapeka mabuku ndi nkhani zimene kulibe, zokhala ndi mayina a olemba enieni, chaka ndi manambala a masamba. Mu 2023 khoti lina la ku New York linalipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 chifukwa chotchula milandu yopeka imene anaitenga mu ChatGPT pa mlandu wokhudza kampani ya ndege ya Avianca. Ngati maloya anagwa m'mbuna imeneyi, wophunzira wa zaka 21 angagwemonso. Sankhani zolembedwa ziwiri pa lipoti lililonse, muike DOI yake, nambala yapadera yozindikirira nkhani ya akatswiri, pa webusaiti ya doi.org, ndipo muone ngati ikukufikitsani pa nkhani yomweyo. Aphunzitseninso Zotero, pulogalamu yaulere imene inayambira ku yunivesite ya George Mason mu 2006, imene imasunga zimene munthu wawerenga n'kuzisanja m'kalembedwe ka APA kapena kena kalikonse kamene koleji yanu imafuna.

Kuletseratu sindikukuona ngati kungatheke. Lembani momveka zimene mukulola ndi zimene simukulola, mwachitsanzo kuti kuwongoletsa galamala n'kololedwa malinga anene, koma kulembetsa ndime n'koletsedwa. Kenako dalirani zidutswa zija ndatchula poyankha kalata yoyamba, chifukwa munthu amene mwamuona akukula ndi funso lake kuyambira sabata yachitatu mumadziwa mawu ake, ndipo tsiku lofotokoza mudzamufunsa pamaso.

FUNSO: Patsala masabata awiri kuti ndifotokoze kafukufuku wanga kwa mphindi khumi pamaso pa kalasi ndi aphunzitsi atatu. Ndakonza masilaidi 34 kuti ndisasiye kanthu, koma ndikangoganiza zoimirira kutsogolo mawondo amagwedera ndipo mawu amauma. Ndithandizeni. Ndine wophunzira wa chaka chomaliza.

YANKHO: Tiyambe ndi masilaidi, chifukwa mantha anu ena akuchokera komweko. Ndikukumbukira mnyamata wina amene anachita kafukufuku wabwino kwambiri m'kalasi yake yonse. Tsikulo anaima pafupi ndi pulojekita, msana ali kwa ife, n'kuyamba kuwerenga ndime zimene zinadzaza khoma. Wosunga nthawi atakweza kapepala kosonyeza kuti kwatsala mphindi imodzi, iye anali akadali pa zimene olemba ena ananena. Anadina msangamsanga, matebulo ake atatu anangoti zii kudutsa m'maso mwathu, ndipo ntchito ya miyezi itatu inaoneka kwa masekondi osakwana 40. Palibe amene anali ndi funso, popeza palibe chimene tinaona.

Kufotokoza pagulu si kuwerenga lipoti mofulumira. Lipoti aphunzitsi ali nalo kale. Chimene akufuna kwa inu ndi kumva chimene munafunsa, mmene munafufuzira, chimene munapeza, ndi pamene umboni wanu ukuthera. Munthu woyankhula Chingerezi mosathamanga amatchula mawu pafupifupi 130 pa mphindi, kutanthauza kuti muli ndi malo a mawu 1,300 okha, mwina masamba atatu kapena anayi. Agaweni motere: mphindi imodzi ya funso ndi kufunika kwake, imodzi ya zimene ena anapeza, ziwiri za njira, zinayi za zotsatira, ndi ziwiri za tanthauzo lake ndi malire ake. Masilaidi asanu ndi atatu kapena khumi akukwanirani. Ngati mukuona kuti n'zosatheka, dziwani kuti pa mpikisano wa Three Minute Thesis, umene unayambira ku yunivesite ya Queensland ku Australia mu 2008, ophunzira a digiri yapamwamba ya PhD amafotokoza ntchito ya zaka zingapo m'mphindi zitatu ndi silaidi imodzi yosasuntha.

Pamwamba pa silaidi iliyonse musalembe liwu limodzi ngati "Zotsatira", koma chiganizo chonena chimene mwapeza, ndipo pansi pake muike chithunzi chimodzi kapena tebulo laling'ono lochitira umboni chiganizocho. Richard Mayer wa ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, amene wafufuza kwa zaka zambiri mmene anthu amaphunzirira ndi mawu ndi zithunzi, anaonetsa kuti anthu amamva bwino chithunzi chikamafotokozedwa pakamwa kusiyana ndi pamene mawu omwewo alembedwanso pambali pake, chifukwa maso amagawanika pakati pa kuwerenga ndi kuona. Tebulo likaonekera, khalani chete kamphindi, nenani chimene chili m'mizere ndi m'mipanda yake, kenako lozani nambala imodzi imene mukufuna kuti tipite nayo.

Mantha sadzatheratu, ndipo ngakhale ife amene taima kutsogolo kwa zaka zambiri mtima umagundabe. Chimene chimawachepetsa ndi kuyeserera mokweza mawu, mutaimirira, wotchi ili patsogolo, osachepera katatu, ndipo kamodzi pamaso pa mnzanu amene sakuidziwa nkhaniyo. Kuyeserera chamumtima kumanamiza, chifukwa m'maganizo chilichonse chimayenda bwino ndiponso mofulumira. Lowezani ziganizo ziwiri zoyambirira zokha, kuti pakamwa payambe pokha pamene mutu ukadali wozizira, ndipo zotsalazo muzinene poyang'ana timawu tochepa pa kakhadi. Sungani masilaidi anu pa fulashi ngati PDF kuwonjezera pa PowerPoint, popeza zilembo ndi matebulo zimasokonekera pa kompyuta ya eni.

Nthawi ya mafunso ndi imene ambiri amaiopa, komabe ndi imene mungaikonzekere bwino koposa, chifukwa malo ofooka a ntchito yanu mumawadziwa kuposa wina aliyense. Mtsikana wa mafoni uja anapezadi kuti ochezera pa foni amajomba kwambiri, ndipo mphunzitsi wina anamufunsa ngati zimenezo zikutanthauza kuti foni ndi imene imawajombetsa. Iye anayankha kuti ayi, manambala ake akungoonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo n'kutheka kuti ena amagwira foni chifukwa tulo tawasowa kale pa zifukwa zina. Anawonjezera kuti anafunsa ophunzira a koleji imodzi yokha, ndiponso kuti maola anawo anachita kumuuza okha. Anapeza malikisi apamwamba pa yankho limenelo. Mukafunsidwa chimene simunachifufuze, nenani poyera kuti simunachifufuze, kenako munene mmene munthu angachifufuzire.

FUNSO: Pochonga tsiku lofotokoza, ndimapeza kuti odziwa kuyankhula amapambana anzawo amene anagwira ntchito yaikulu koma ndi amanyazi. Pa ntchito za m'magulu, mmodzi amayankhula ena atangoima. Ndichonge bwanji mwachilungamo? Ndine bambo wophunzitsa pakoleji ya aphunzitsi.

YANKHO: Bambo, lembani kagawidwe ka malikisi musanamve aliyense, ndipo ophunzira akaone masabata angapo tsikulo lisanafike. Kwa ine, pa malikisi 100 ndimapereka 20 pa kumveka kwa funso ndi njira, 35 pa zotsatira ndi umboni wake, 25 pa mayankho a mafunso, ndipo 20 otsalawo ndi a kusunga nthawi, masilaidi ndi kayankhulidwe. Mukatero, wolankhula mokoma wopanda umboni sangapitirire malire ena, ndipo wamanyazi amene akuidziwa ntchito yake amapeza pomuonera. Lembani malikisi wophunzira akangokhala pansi, osadikira kuti onse amalize, chifukwa pofika munthu wa 15 mumakhala mutatopa ndipo mumayamba kuyerekezera aliyense ndi amene wangotha kumene. Ngati muli awiri kapena atatu, aliyense alembe payekha musanakambirane.

Pa magulu, lolani kuti agawane mbali zofotokoza, koma mafunso muziwalunjika kwa munthu amene mwamusankha inu, ndipo mumufunse za mbali imene sanaifotokoze iye. Amene anafotokoza zotsatira mumufunse chifukwa chake anasankha anthu amene anawafunsawo, ndipo amene anafotokoza njira mumufunse tanthauzo la nambala ina ya pa tebulo lachiwiri. Auzeni lamuloli kuyambira tsiku limene magulu akupangidwa. Omvera nawonso apatseni ntchito: aliyense alembe pa kapepala funso limodzi kwa wofotokoza aliyense, inu musankhepo awiri oti afunse mokweza, ndipo timapepala totsalato muwapatse eni ake kuti akagwiritse ntchito pokonza lipoti lomaliza. Pa ndandanda ya tsikulo, wophunzira wa mphindi khumi mumuwerengere mphindi 17: khumi zofotokoza, zisanu za mafunso, ndi ziwiri zosinthira fulashi ndi kulemba malikisi.